Kakhitchini Kopanda Zenera ku Pembamoyo

Ana anga, mwakhala mukundiseka zaka zonsezi chifukwa cha khitchini ya pakhomo pano. Mumati kanyumba kochepa ngati khola la nkhunda kachita kukhala ndi mazenera awiri ngati ofesi, ndipo nkhuku zimalowera uku n'kutulukira uko. Amayi anu akudziwa chifukwa chake, koma ndi munthu wosunga pakamwa. Tsopano manja alema, maso nawonso ayamba chifunga, ndiye ndati ndilembe ndekha nkhaniyi, kuopa kuti ena angadzakuuzeni mondikometsera.

1990 mpaka 1993, pa boma

Ntchito yolembedwa ndinaipeza mochedwa. Ndinali nditamangira kale anthu nyumba kwa zaka khumi pamene, mu 1990, anandilemba ngati mmisiri wa zomangamanga pa boma la Chadiza. Dzina linali lalikulu, koma ntchito yake inali kumata ming'alu, kukhoma malata otengedwa ndi mphepo, ndi kukonza zimbudzi za m'masukulu. Amisiri tinalipo asanu ndi awiri, wilibala imodzi. Simenti tinkangoimva m'nkhani, ikabwera tinkaizungulira ngati mlendo wochokera ku migodi. Komabe ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo inu asanu munali ndi pogona posadontha.

Kapitawo wathu anali a Daka, munthu wamtali wosakonda kukalipa. Zikanakhala bwino akanamakalipa. Iwo ukalakwa ankangokuyang'ana, n'kutulutsa kabuku m'thumba la malaya, n'kulemba. Chimene ankalembacho palibe anachiwerengapo, koma kabukuko tinkakaopa kuposa njoka. Kuyambira mu 1992 mbiri inali ponseponse yakuti boma likudula anthu ntchito. Anzathu awiri analandira maenvulopu a khaki, patapita mwezi tinawathandiza kukweza mipando pa ngolo. Ndivomere pano kuti ine ndine munthu wamantha, ndipo ndinabadwa choncho. Mesenjala akangolowa pageti ndi makalata, ine ndinkayang'ana pansi kuti asandione.

Okutobala 1993

Tsiku lina m'mawa a Daka anandiitana n'kuyala pepala pa tebulo. Kumbali ya Pembamoyo kunali kachipatala kakang'ono, ndipo kuseri kwake kunali nyumba yodikiriramo amayi apakati ochokera m'midzi yakutali. Amayiwo ndi owadwazika ankaphikira pansi pa mtengo wa mango. Mvula isanayambe ankafuna pamangidwe kakhitchini komata ku khoma la nyumbayo.

"A Mbewe, pulani iyi yachokera ku Chipata," anatero a Daka. "Ajambula ndi anthu a sukulu zawo. Inu anakulembani manja, mutu alipo kale ena. Musachotsepo kanthu, musawonjezepo kanthu. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Akuluakulu adzabwera kudzaona Khirisimasi isanafike. Masiku ano munthu wosamva safunika kumukalipira."

Sanatchule za kudulidwa, koma dzanja lawo linali pathumba lija.

Lole inanditula pamsewu, katundu anafika pachipatalapo ndi ngolo ya ng'ombe. Simenti anandipatsa yosakwana ndi theka lomwe, choncho makoma ndinamanga ndi matope, simenti n'kungopaka kunja kuti azioneka aulemu. Kachipindako kanali mamita awiri mulifupi, awiri ndi theka mulitali. Ndikaima pakati n'kutambasula manja, zala zinkatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Pa pulani panali chitofu cha njerwa chofika m'chiuno, chomata ku khoma lakumbuyo, chokhala ndi mabowo awiri a miphika ndi chumuni. Zenera panalibe, chifukwa m'menemo ankafunanso kusungamo matumba a ufa wa phala la ana operewera zakudya m'thupi, ndiye ankaopa akuba. Mpweya unkayenera kulowera pa timabowo tiwiri tapansi pa malata, tokwana nkhonya. Chitseko anachijambula chotsegukira m'kati.

Sindinama, ntchitoyo ndinaikonda. Malo ochepa amafuna nzeru kuposa nyumba yaikulu. Kumanzere ndinakhoma mashelefu awiri a matabwa a mlombwa otsala ku woko shopu, lapansi la matumba, lapamwamba la mbale. Misomali ikuluikulu ndinaipinda kukhala zokolekapo mithiko ndi zipande. Pakona ndinaumba kachiunda kokhazikapo ndowa kuti madzi asamadonthere pansi, ndipo kunsi kwa chitofu ndinasiya mphako ya nkhuni. Chilichonse chinali ndi malo ake, kupatula munthu. Ukatsegula chitseko chinkadya theka la pansi ponse, ndiye kuti awiri akwanemo ankayenera kutseka.

Chitofu chitauma ndinachiyesa. Ndinakoleza moto, ndinatseka chitseko, n'kuima ngati mayi wophika. Paipi ya chumuni imene anatumiza inali yaifupi, sinkakoka bwino. Posakhalitsa maso anayamba kuwawa, kenako mutu unayamba kugunda cham'mbalimu. Ndinatuluka ndikudzandira, n'kukakhala pansi pa mango uja. Pamenepo ndinakumbukira msuweni wanga amene anamwalira ku migodi atatsekera mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndamanga chinthu choopsa. Musadzalole munthu akuuzeni kuti sindinkadziwa.

Namwino wa pamenepo, a Sisita Sakala, anabwera kudzasuzumira. Anali mayi wachangu, wolankhula mosazungulira.

"A mmisiri, zenera lili kuti?"

"Pa pulani palibe, a Sisita."

"Pa pulani palibe, nanga kumaso kwanu kulibenso maso?"

Ndinaseka ngati ndamva nthabwala. Sabata yotsatira a Daka anafika pa njinga yamoto kudzaona ntchito. Ndinali nditakonzekera mawu masiku atatu. Ndinayamba bwinobwino kuti, "Bwana, chitsekochi chikanakhala kuti..." Iwo anatembenuka, dzanja likupita kuthumba. "Chikanakhala kuti chiyani, a Mbewe?" Ine ndinangonena kuti chikanakhala kuti tinachipaka utoto wobiriwira chikanakongola. Mumtima ndinadzitonthoza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ana anga akagona kuti ndikayamba kuphunzitsa a ku Chipata ntchito.

Novembala 1993

Khitchini itatha anandiuza kuti nditsale ndimange chimbudzi ndi bafa. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinandipweteka ngati mmisiri, koma n'kundipepuza ngati munthu: amayi aja sankaphikamo. Ankalowa kukatenga mbale, n'kubwerera ku mafuwa awo pansi pa mango. Ndinkapemphera chamumtima kuti apitirize kuikana.

Pakati pawo panali mayi wina wachikulire amene tonse tinkangomutchula kuti amake Luziya. Banja lawo linali la anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kupatsidwa malo olima cha ku Zingalume. Anabwera kudzadwazika mwana wawo Luziya, mtsikana wa mimba yoyamba, wamanyazi, amene miyendo inali itamutupa. Amake Luziya sankalankhula kwambiri. Ndinaona kuti kulikonse kumene akhala, kaya pabenchi kaya pamphasa, ankasankha malo oti msana utsamire khoma, maso ali kumene kumachokera anthu.

Tsiku lina kunyada kunandigonjetsa, ndinawafunsa. "Amayi, chitofu chabwinobwino chili apo, inu mukupsa ndi dzuwa. Chalakwa n'chiyani?"

Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Abambo, munamanga ndinu?"

"Ndine."

"Munafunsa ndani wophika?"

Iwo anasonkhezera moto n'kupitiriza. "Choyamba, ife sitiphika choimirira ngati tili paulendo. Chachiwiri, chitofu chanucho chifuna munthu afulatire khomo. Ine khomo sindilifulatira. Kwathu kuja, tsiku limene anabwera anthu a mfuti, ndinali m'nyumba ndikukazinga chimanga, msana uli kukhomo. Chimanga chinali kuthetheka, sindinamve kanthu. Potembenuka ndinapeza atate ake a Luziya awatulutsa kale, nkhwangwa yawo ili pansi. Mpaka lero sindidziwa kumene anagona. Ndiye inu mukuti ndiyang'ane khoma?"

Ndinabwerera ku dzenje langa la chimbudzi ngati galu wothiridwa madzi. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinalimva kukoma kwake.

Disembala 1993

Mvula inabwera mwamphamvu sabata yoyamba ya Disembala. Pansi pa mango panasanduka thope, nkhuni zonse zinanyowa. Amayi aja analibenso kochitira, anayamba kulowa m'kakhitchini kanga awiriawiri. Mphepo inkalowetsa madzi pa timabowo tija n'kunyowetsa matumba a ufa, ndiye wina anatitseka ndi nsanza. Ndinaziona nsanzazo. Ndinati ndizichotsa mawa.

Tsiku lotsatira, cha m'ma fili koloko masana, kunagwa chimvula chamkuntho. Ndinathawira pakhonde la chipatala, n'kumayang'ana madzi akusefukira m'dzenje langa. Ndinali nditaona amake Luziya akulowa m'khitchini atanyamula mbaula imene anabwereka kwa a Sisita, Luziya akuwatsatira atafunda chitenje, akuti akaothe. Chitseko chinatsekedwa. Pa chumuni sipankatuluka utsi, chifukwa makala sanali m'chitofu. Ndinaima pakhondepo ndikudziuza kuti atuluka posachedwa. Mtima unkati pita, miyendo inkati mvula isiye kaye.

Chimene chinandidzutsa ndi fungo. Mvula itachepa pang'ono, mphepo inabweretsa fungo la nyemba zopserera. Ana anga, nyemba za m'chaka chimenecho zinali zosowa, ndipo palibe mayi wamoyo amene akanakhala pambali pa mphika n'kuzisiya zipserere. Ndinathamanga opanda nsapato. Ndinagogoda, ndinaitana, zii. Ndinakankha chitseko, chinatseguka mpata wa zala ziwiri n'kuima. Chinaima pa chinthu chofewa. Pampatapo ndinaona nsonga ya chitenje cha Luziya. M'kachipinda kaja munalibe pena pokhala, ndiye mwanayo anakhala pansi atatsamira chitseko, ndipo anagwera pomwepo, mimba ili kuchitseko.

Ndinakuwa dzina la a Sisita ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga. Amayi ena anafika n'kufuna kukankha ndi mphamvu. Ndinawaletsa, chifukwa tikanamuphwanya mwana m'mimba. Mahinjesi a chitseko anali m'kati, monga pulani inanenera, moti sindikanatha kuchizula ndili kunja. Apa chinandithandiza ndi umphawi wathu womwe uja. Ndinakumbukira kuti khoma lakumanzere ndinamanga ndi matope, ndipo kuseri kwake kunali mashelefu, osati anthu. Ndinatenga nyundo yaikulu ndi chitsulo chokumbira. Ndinaswa pulasitala, n'kuyamba kuzula njerwa imodziimodzi, kukokera kunja kuti zisagwere m'kati. Njerwa iliyonse ndinkati Mulungu wanga, Mulungu wanga. Mpweya umene unatuluka pabowopo unali wotentha, wolemera, wopanda utsi ngakhale pang'ono.

Bowo litakwana mapewa ndinakoka mpweya, n'kulowa chamutu, kugwera pa matumba. Amake Luziya anali pakona yakumanja, msana kukhoma, nkhope kuchitseko monga mwa masiku onse, mutu utagwera paphewa, chipande chili m'manja. Mbaula inali pakati, makala ali psuu. Ndinamugwira Luziya m'khwapa n'kumukokera chakuchitofu, chitseko chinatseguka, ndipo amayi aja anawanyamula onse awiri. Mbaula ndinaiponya kunja ndi manja, zipsera zake ndi izi mumaziona m'zikhatho zangazi, zimene ndinkakunamizani kuti ndi za laimu wopaka makoma.

Tinawagoneka pakhonde pamphepo. Amake Luziya anatsitsimuka msanga, anasanza, n'kuyamba kufufuza mwana wawo ndi manja. Luziya anachedwa. Milomo yake sindidzaiiwala. A Sisita ankamutembenuza, kumuitana, kumupeperera ndi chikuto cha kaundula. Atatsegula maso, a Sisita anatenga kachitsulo kangati kanyanga kamene amamvetsera mtima wa mwana, anakaika pamimba n'kugunditsa khutu. Anasuntha, anamvetseranso. Anasunthanso. Pakhonde ponse pankangomveka madzi a m'malata. Ine ndinagwada m'matope, ndikuwerenga m'mutu mwanga masiku onse amene ndikanatha kulankhula. Kenako a Sisita anakweza chala chimodzi n'kuyamba kuchigwedeza motsatira kugunda kumene ankamva. "Alipo," anatero. "Akugunda pang'onopang'ono, koma alipo."

Madzulo a tsikulo a Sisita anandipeza nditaima pa bowo lija. Sanandikalipire. Anangoti, "Akuluakulu anu abwera Lachisanu. Njerwa zanu ndi izo, matope ndi awo. Mukatseka, ine sindinena kanthu, koma ndikhoma chitseko ndi loko, amayi aziphika pamvula. Sankhani."

Mungaganize kuti zitachitika zimenezi mantha anatha. Sanathe. Masiku awiri ndinkazungulira bowolo. Kutseka kunali kwa ola limodzi, pulasitala n'kupaka laimu, palibe akanadziwa. Kusiya kunali kuvomera pamaso pa akuluakulu kuti ndaphwanya chinthu cha boma, komanso kuti pulani yawo inatsala pang'ono kupha anthu atatu. Ndinkaona mipando yathu ili pa ngolo, inu mutakhala pamwamba pake. Tsiku lachiwirilo ndinafika posakaniza matope. Ndikuwerama, ndinaona amake Luziya atakhala pakhonde, msana kukhoma, akundiyang'ana. Matopewo ndinakawathira m'dzenje la chimbudzi.

Ndinadula shelefu lapamwamba n'kupanga felemu ya zenera, ndinaikamo zitsulo zotsala kuopa akuba aja. Chitseko ndinachizula n'kuchitembenuza kuti chizitsegukira kunja. Chitofu changa chokongola chija ndinachigumula. Ulendo uno ndinaitana amayi onse n'kuwafunsa. Amake Luziya anakhala pansi pamene ankafuna kukhala, ine n'kulemba ndi khala mozungulira mapazi awo. Tinaumba chitofu chachifupi, chofika m'mawondo, pansi pa zenera, moti wophika ankakhala pakampando, msana kukhoma lakumbuyo, akuona khomo ndi bwalo lonse.

Lachisanu akuluakulu sanabwere, anati msewu waduka. Anafika a Daka okha, matope mpaka m'mawondo. Anazungulira kakhitchiniko kawiri, pulani ili m'manja. Ndinawauza zonse, kuyambira tsiku limene ndinayesa moto, mpaka bodza la utoto wobiriwira. Dzanja lawo linapita kuthumba, ndinatseka maso. Nditatsegula ndinaona kuti atulutsa kansalu kopukutira thukuta.

"Mtsikanayo ali bwanji?" anafunsa.

"Ali bwino, bwana."

"Chabwino." Anapinda pulani ija kanayi. Kenako anakwera njinga yawo.

Luziya anachira patapita masiku khumi, mwana wamkazi, wochepa thupi koma wolira mokweza. Ndinamumva ndili pa denga la bafa, ndipo ndinakhala kaye pa malatapo n'kumamvetsera.

Malichi 1994

Envulopu yanga ya khaki inafika m'mwezi wa Malichi. Sindinadabwe, ndinati ndi zenera lija. Ndinapita nayo kuseri kwa woko shopu kuti anzanga asandione nkhope. Ndinawerenga kamodzi, kenako maso anagwera pamwamba, pamene amalemba tsiku. Kalatayo inatayipidwa mu Seputembala 1993. Inangogona m'dilowa kudikira woisayina. Pamene a Daka ankandiyalira pulani ija, pamene ndinkaika njerwa yoyamba, pamene ndinkameza mawu anga n'kuyamba za utoto, dzina langa linali litadulidwa kale.

A Daka anandipeza pomwepo. Nawonso anali ndi envulopu yawo m'manja. Ndinawafunsa ngati ankadziwa.

"Ndinkangomva mphekesera," anatero. "Ndinkati tikakhala chete mwina atiiwala."

Ndinawafunsanso chimene ankalemba m'kabuku kaja zaka zonsezo. Anakatulutsa n'kundipatsa. Munali miyeso ya zitseko ndi mndandanda wa misomali yosowa.

Za kusamuka kwathu ndi zaka zimene ndinamangira anthu nyumba pandekha mpaka msana unakana, akulu mwa inu mukuzikumbukira. Sitinafe ndi njala. Chimene sichinandichoke ndi ichi: miyezi iwiri ndinatseka pakamwa kuteteza ntchito imene inali itatha kale, ndipo amene anatsala pang'ono kupita chifukwa cha kukhala chete kwangako ndi mayi amene anapulumuka mfuti, mwana wake, ndi kakhanda kosabadwa. Mpaka lero ndikamva fungo la nyemba zopserera, ngakhale kwa aneba, ndimapezeka ndaimirira kale.

Ndiye nkhuku zisiyeni zizilowa, muzingozipirikitsa. Ine ndikadzapita nyumbayi ndi yanu, mudzaisinthe mmene mungafunire. Koma mazenera a khitchini aja musadzatseke ngakhale limodzi, ndipo chitseko chake chizitsegukira kunja.